Zala Ziwiri za Lillian Gish

Wochita zisudzo pasiteji amaganizira munthu amene wakhala kumbuyo kwenikweni. Akalira, ayenera kulira moti nayenso aone, choncho manja amatambasuka, mawu amakwera. Lillian Gish anakulira m'mwambo umenewu. Anabadwira ku Springfield, m'chigawo cha Ohio ku America, mu 1893. Bambo ake atasiya banja, iye ndi mng'ono wake Dorothy anayamba kuyenda ndi magulu a zisudzo akadali ana kuti pakhomo papezeke chakudya. Mu 1912 mnzawo Mary Pickford anawadziwitsa kwa D. W. Griffith, wotsogolera mafilimu wa kukampani ya Biograph ku New York, ndipo iye anawaika mu filimu ya An Unseen Enemy.

Mafilimu a nthawi imeneyo analibe mawu. Ambiri ochokera kusiteji ankaona ngati poti pakamwa patsekedwa, thupi lonse lizifuula. Gish anazindikira msanga kuti kamera imasendera pafupi kuposa woonera aliyense, imaona ngakhale mlomo ukanjenjemera pang'ono. Anayamba kuchepetsa.

Onerani Broken Blossoms ya 1919. Gish, ali ndi zaka 25, akusewera ngati Lucy, kamtsikana ka ku Limehouse mumzinda wa London, komwe bambo ake, katswiri wa nkhonya, amakakwapula nthawi ndi nthawi. Bamboyo akumulamula kuti amwetulire. Mwanayo kumwetulira sakudziwa. Akutenga zala ziwiri, n'kukankhira m'mwamba mbali za milomo yake. Pakamwa pamvera, koma maso adakali ndi mantha omwe aja. Ine ndimaona kuti luso lonse la Gish lili pamenepa: nkhope imodzi ikunena zinthu ziwiri zotsutsana, ndipo woonera akuzimva zonse. Amene anakhalapo m'nyumba ya nkhanza amakudziwa kumwetulira kumeneku, koonetsa alendo kuti zonse zili bwino. Lucy akumwalira kumapeto, zala zija zikukweranso kukamwa, movutikira, ndipo sipafunikanso china.

Sikuti sankatha kusefukira. Mufilimu yomweyo Lucy akudzitsekera m'kachipinda kopanikiza pamene bambo ake akuswa chitseko ndi nkhwangwa, ndipo akuzungulirazungulira ngati mbewa yotsekeredwa kuuna. Chochitikachi chimabaya mtima chifukwa kuyambira pachiyambi tamuona akudzigwira. Akanayamba ndi kukuwa, pofika apa tikanakhala titatopa naye.

Anthu amakonda kutchula Way Down East ya 1920, momwe anagona pa madzi oundana mumtsinje, dzanja ndi tsitsi zili m'madzi ozizira, mpaka dzanjalo linavulala mitsempha. Kulimba mtima kunalipo, koma kupirira chisanu si luso. The Wind ya 1928, yotsogoleredwa ndi Victor Sjöström, ndiyo yoyenera kuionetsetsa: mkazi akupenga pang'onopang'ono ndi mphepo ndi mchenga, ndipo misalayo imayambira m'maso ake thupi lisanagwedezeke. Mafilimu a mawu atabwera anabwerera kusiteji, n'kusewera Ophelia limodzi ndi John Gielgud mu 1936. Filimu yake yomaliza, The Whales of August, inatuluka mu 1987, ndipo anamwalira mu 1993 ali ndi zaka 99.

Pali chinthu chimodzi chimene munthu wakuda sangachilambalale. Mu 1915 Gish anasewera Elsie Stoneman mu The Birth of a Nation ya Griffith, filimu yonyoza anthu akuda ndi kutamanda gulu la Ku Klux Klan. Mantha a pankhope pake, omwewo amene amatiliza mwa Lucy, ndiwo anagwiritsidwa ntchito kuuza azungu kuti mkazi wachizungu ali pangozi, ndipo okwera pamahatchi ovala zoyera a gulu la Klan ndiwo amupulumutse. Bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda la NAACP linaitsutsa filimuyi, koma chaka chomwecho gulu la Klan linadzukanso ku Georgia. Gish anapitiriza kumuikira kumbuyo Griffith mpaka ukalamba wake. Mu 2019 yunivesite ya Bowling Green ku Ohio inachotsa dzina la Gish pa holo yake yoonetsera mafilimu, ndipo sindikuona kuti inalakwitsa.