Charlot ndi khanda la pa dzala

Ine ndinakula ndi mafilimu a nkhonya ndi mfuti. Tikalipira pakhomo la kanyumba ka kanema ku msika, tinkafuna kuona anthu akumenyana, basi. Filimu yopanda mau ndinali ndisanaionepo. Mwezi watha mnzanga anandiikira m'foni filimu yakale, dzina lake The Kid, ndiye kuti Mwana. Ndinaiona ndekha usiku. M'mawa mwake ndinaionanso ndi ophunzira anga titatha phunziro, foni itatsamira pa njerwa.

Filimuyi inatuluka ku America m'caka ca 1921. Anaipanga ndi Charlie Chaplin, amene Apwitikizi amati Charlot. Iye yemweyo asewera ngati mmphawi wa kacipewa, kandodo ndi nsapato zazikulu. Mwanayo ndi Jackie Coogan. Anthu salankhula. Mau owerengeka amalembedwa m'Cingerezi pakati pa zithunzi, koma ophunzira anga anamva nkhani yonse popanda mauwo.

Nkhani yake ndi iyi. Mtsikana wabala mwana, alibe womthandiza. Asiya khanda m'galimoto ya anthu olemera, pamodzi ndi kakalata. Mbava ziba galimotoyo ndi kutaya khandalo pa dzala. Charlot alipeza. Apa ndi pamene ndinayamba kuikhulupirira filimuyi, cifukwa iye salikondwerera msanga. Ayesa kuliika m'kangolo ka mwana wa mayi wina. Ayesa kulisiyira nkhalamba yodutsa. Mmphawi adziwa kuti pakamwa pena ndi mtolo. Zonse zitakanika, awerenga kakalata kaja, nalitenga.

Onani m'mene amlerera. Botolo la mkaka alibe, ndiye apacika ketulo ya khofi pa cingwe kuti mwana ayamwepo. Zitapita zaka 5, mwana ndiye aphika cakudya ca m'mawa, ndipo Charlot aciwerenga bwino kuti agawane mofanana. Bulangete lake ndi loboola pakati. Podzuka angolowetsa mutu pa bowolo, lasanduka malaya. Tinaseka kwambiri, koma kunali kuseka kwa anthu odziwa bulangete lotere.

Nchito yao ndi yacinyengo. Mwana aponya mwala pa zenera nathawa, kenaka Charlot atulukira ndi magalasi kumsana, ngati wangodutsa. Amayi ena okalamba sanaseke. Anati: “Aphunzitsi, nanga galasilo alipira ndani? Si mayi mnzathu?” Ndinasowa coyankha. Filimu itikondweretsa ndi kucenjera kwa awiriwa, ndipo mwini zenera timuiwala.

Gawo lopambana ndi ili. Mwana adwala. Dokotala adziwa kuti Charlot si atate ake omubala, nakauza akuluakulu. Abwera anthu a nyumba ya ana amasiye, namponya mwana kumbuyo kwa lole. Mwana atambasula manja, alira. Mau sitiwamva, koma tonse tinakhala cete. Charlot athamanga pamwamba pa madenga, atsikira m'lolemo, namlanda mwanayo. Munthu amene timamseka uja sitinamsekenso.

Chaplin sanaziphunzire m'buku zimenezi. Anabadwira ku London mu 1889, m'banja losauka. Ali ndi zaka 7 analowa m'nyumba ya boma ya amphawi, ndipo anamlekanitsa ndi amai ake. Mu 1919 mwana wake woyamba anamwalira ali ndi masiku atatu okha, ndipo pasanapite nthawi iye anayamba kujambula filimuyi.

Koma mapeto ake sanandikhutitse. Mwana amcotsanso m'manja mwake, Charlot agona pa khomo, nalota. M'malotomo anthu onse a m'mudzi ali ndi mapiko, ngakhale galu. Malotowa ndi aatali, ndipo sationjezera kanthu. Wapolisi amdzutsa, napita naye ku nyumba yaikulu ya mayi uja, amene tsopano ndi wochuka ndi wolemera. Mwana amkumbatira, alowa, citseko citsekedwa. Yatha. Kodi Charlot adzakhala m'nyumbamo ngati ndani? Atate, mlendo, kapena wanchito? Mlandu umene filimu inautsegula bwino, yauthetsa ndi ndalama za mayi. Akadakhala kuti mayiyo ndi wosaukabe, Chaplin akadayenera kuweruza, ndipo ndiganiza kuti anathawa kuweruzako.

Ophunzira anga sanathawe. Abambo ena anati mwana ndi wa kucikazi, ayenera kubwerera kwa amake; wolerayo apatsidwe mbuzi, athokozedwe. Amayi aja a galasi anakana. Anati amene anacapa matewera zaka zisanu sapirikitsidwa ndi mbuzi. Mtsikana wina anati mayiyo sanataye mwana mwa kufuna, ndipo anabwerera kukamfuna tsiku lomwelo, cimene ndi coona m'filimumo. Dzuwa linalowa tisanagwirizane. Anandipempha kuti Lacisanu ndibwere nayonso, aonetsetse nkhope ya mayiyo pamene asiya khanda m'galimoto.