Mawu Aatali a ku Maycomb

Pa mlandu wa Tom Robinson, m'buku la Harper Lee lotchedwa To Kill a Mockingbird, loya woimira Tom, Atticus Finch, akupereka cholembera kwa Bob Ewell ndi kumupempha kuti alembe dzina lake kuseri kwa envelopu. Ewell akulemba monyada kuti khoti lonse lione kuti sukulu anaiponda, ndipo woweruza Taylor ndiye akutchula zomwe waona: mkuluyu akulemba ndi dzanja lamanzere. Mwana wa Ewell, Mayella, yemwe akuti anagwiriridwa ndi Tom, anatupa diso lamanja, chizindikiro chakuti womumenyayo anali wamanzere. Tom dzanja lake lamanzere linapuwala ali mnyamata, litakodwa m'makina ochotsa njere za thonje. Gilmer, woimira boma pamlanduwo, pofuna kuwombola mboni yake, akufunsa Ewell ngati ali "ambidextrous". Ewell akukanitsitsa kwamtuwagalu, kenaka n'kuwonjezera kuti manja ake onse awiri amagwira ntchito mofanana. Liwulo walikana, tanthauzo lake walivomera, mwini wake osadziwa.

Wophunzira amene anauzidwapo kuti m'Chilatini "ambi" ndi mbali zonse ziwiri ndipo "dexter" ndi dzanja lamanja amaseka pamenepa asanatsegule dikishonale. N'chifukwa chake aphunzitsi ena a Chingerezi ku America amaphunzitsa bukuli pamodzi ndi mndandanda wa mizu ya mawu achilatini: lero mutu umodzi wa nkhani, mawa mizu khumi yoloweza, Lachisanu mayeso. Njirayi ili ndi phindu lake, koma imalekanitsa zinthu zomwe mlembi anazilukira pamodzi. Kwa Lee, mawu ochokera ku Chilatini ndi chuma chomwe ena ali nacho ena alibe, ndipo mbali yaikulu ya luso la bukuli yagona pa funso lakuti liwu lalitali latuluka pakamwa pa yani, ndipo lagwera m'khutu la yani.

Chingerezi chili ndi nkhokwe ziwiri. Ina ndi ya mawu aafupi omwe Angelezi akale ankayankhula kumunda ndi kukhitchini, mawu a dzanja, nyumba, mkate, magazi ndi imfa. Inayo inayamba kudzaza mu 1066, pomwe William wa ku Normandy anagonjetsa England, Chifalansa, chomwe ndi mwana wa Chilatini, n'kukhala chiyankhulo cha mafumu ndi oweruza. Tchalitchi ndi sukulu zinawonjezera Chilatini chenicheni. Makhoti a ku England anakakamira Chilatini ndi Chifalansa m'zolemba zawo mpaka nyumba ya malamulo inachita kuwaletsa ndi lamulo la mu 1730. Choncho munthu woyankhula Chingerezi akamapita kukhoti amavala mawu ena, monga momwe munthu wa kumudzi amatulutsira jekete m'sutikesi tsiku lopita kuboma. Ewell anabwera kukhoti atasamba, tsitsi atalitsuka, koma mawuwo analibe.

Lee nkhokwe yachiwiriyi anakulira m'kati mwake. Anabadwa mu 1926 ku Monroeville, m'chigawo cha Alabama. Bambo ake, Amasa Coleman Lee, anali loya, ndipo iye mwini anayamba maphunziro a zamalamulo pa yunivesite ya Alabama n'kuwasiyira panjira. Bukuli litatuluka mu 1960, chaka chimodzi lisanalandire mphoto ya Pulitzer, Phoebe Adams analemba m'magazini ya The Atlantic kuti n'zosatheka kuti kamtsikana ka zaka 6 kafotokoze nkhani ndi kalembedwe ka munthu wamkulu wophunzira. Ine ndimati anaphonya. Wofotokoza nkhaniyi si Scout wa zaka 6, mwana wamkazi wa Atticus; ndi yemweyo atakula, Jean Louise Finch, akukumbuka zomwe zinachitika m'tauni ya Maycomb pakati pa 1933 ndi 1935. Maso ndi a mwana, pakamwa ndi pa munthu wamkulu. Tikudziwa kuti mlembi anachita kusankha zimenezi, chifukwa buku lomwe anayamba kulemba, lomwe linadzasindikizidwa mu 2015 ndi dzina lakuti Go Set a Watchman, limanena za Jean Louise wamkulu, ndipo womufotokoza ndi wina wapadera. Mkonzi wake, Tay Hohoff, ndiye anamulimbikitsa kubwerera ku zaka zaubwana. Mpata womwe unatseguka pakati pa maso a mwana ndi mawu a wamkulu ndi momwe nthabwala ndi chisoni cha bukuli zimadutsira.

Taonani momwe akumuyambira Boo Radley, mkulu wosatuluka m'nyumba yemwe ana a Finch sanamuonepo. M'mutu woyamba wofotokoza akumupachika liwu lakuti "malevolent". Wophunzira amalidula pawiri: "male" ndi zoipa, "volens" ndi wofuna, ndiye kuti wofunira anzake zoipa. Pamayeso wakhoza. Koma liwulo ndi bodza, ndipo wolinenayo akudziwa kuti ndi bodza, pakuti iye ndi yemwe ankatola chingamu, ndalama zakale zachitsulo, tizidole tiwiri tasopo ndi wotchi yakufa m'phanga la mtengo wa kwa Radley, ndiponso ndi yemwe Boo anadzamupulumutsa usiku kwa Ewell atanyamula mpeni. Jean Louise wamkulu watenga miseche ya m'tauni n'kuiveka liwu lolemera kuti ioneke ngati mfundo, ndipo akutisiya tikhulupirire limodzi ndi anawo kwa masamba ambiri. Muzu wa liwu umakuuza tanthauzo lake. Za ngati wolinena akutanthauzadi zimenezo, umangoti zii.

Nthawi zina liwu lalitali limagwira ntchito yophimba. Scout atamva za mlandu wa Tom, anafunsa Calpurnia, mayi wachikuda wophika pakhomo pawo, kuti kugwirira n'kutani. Calpurnia anamuuza kuti akafunse bambo ake. Atticus, yemwe mwambo wake ndi wosanamiza ana, anayankha ndi tanthauzo la m'buku la malamulo, lokhala ndi mawu monga "carnal", lochokera ku liwu lachilatini la mnofu, ndi "consent", kuvomereza. Mwanayo anadabwa kuti ngati nkhani yake ndi yomweyo, Calpurnia amabisiranji. Sanamve kanthu. Bambo wanena zoona zokhazokha, ndipo mwana watuluka wosadziwa monga analowera. Owerenga ambiri amati apa Atticus waonetsa kukhulupirika. Ine ndimaonapo loya yemwe akudziwa bwino lomwe kuti Chilatini chimugwirira ntchito yomwe Calpurnia anaigwira pokhala chete.

Malo omwe luso limeneli lafika pachimake ndi usiku wa pandende. Tom amusamutsira kundende ya m'tauni, ndipo Atticus wakhala pampando pakhomo pake, akuwerenga nyuzipepala ndi babu lomwe wakoka ndi chingwe chachitali. Magalimoto afika, amuna a ku dera la Old Sarum atsika, akununkha mowa, cholinga chawo n'kumutulutsa Tom akamuphe mlandu usanazengedwe. Scout, mchimwene wake Jem ndi mnzawo Dill atulukira pakati pawo. Pa nkhope zonsezo Scout akuzindikira imodzi, bambo Cunningham, atate a Walter mnzake wa m'kalasi. Anaphunzitsidwa kuti ulemu ndi kucheza ndi munthu za zomwe zimamukhudza iyeyo, ndiye akuwafunsa za "entailment" yawo.

Liwu limeneli ndi la malamulo a malo: munda womangidwa ndi lamulo la cholowa kotero kuti mwini sangaugulitse momwe afunira. Scout analimva kunyumba, pomwe bambo Cunningham ankabwera kwa Atticus ndi vuto limeneli, n'kumalipira ndi nkhuni, mtedza wa m'tchire ndi ndiwo zamasamba poti ndalama analibe. Tanthauzo lake salidziwa. Jem anamuuza kuti ndi kukanirira mchira pamng'alu, poti m'kati mwa liwulo mukumveka liwu la Chingerezi la mchira, chonsecho gwero lake lenileni ndi mneni wa Chifalansa wa kudula. Mwana akutchula liwu lomwe salimvetsa, pamaso pa gulu, ndipo liwulo likufika pomwe mfundo za Atticus zalephera kufika. Lamukumbutsa mkuluyo umphawi wake, ngongole yake kwa munthu yemwe waima patsogolo pakeyo, ndi mwana wake yemwe anadya nawo pakhomo pa a Finch. Akunjuta, akumugwira Scout mapewa, akulonjeza kukapereka moni kwa Walter, kenaka akuuza anzake kuti azipita. Kodi gulu lofuna kupha munthu lingabalalike motero? Mbiri ya kummwera kwa America m'zaka zimenezo ikuti kawirikawiri ayi, ndipo apa Lee wakomera mtima owerenga ake. Koma ngati tikunena za kalembedwe, palibe pena m'bukuli pomwe liwu limodzi lasenza katundu wochuluka chotere.

Kumasulira kwa Jem kuja kuli ndi kholo lake m'mabuku a ku America. M'buku la Mark Twain, Adventures of Huckleberry Finn, lomwe linatuluka ku America mu 1885, tambwali wina wodzitcha mfumu akunamizira kukhala m'busa wochokera ku England, mbale wa malemu Peter Wilks, kuti alande chuma chamasiye. Poyankhula pamaliro akusokoneza liwu la mwambo woika maliro ndi lina lotanthauza phwando lachisawawa. Mnzake atamutumizira kakalata komuwongolera, iye sakubwerera m'mbuyo, akupeka pomwepo mizu ya Chigiriki ndi Chiheberi yoikira kumbuyo kulakwitsa kwakeko, ndipo anamfedwa akukhutira. Yemwe akumuseka ndi dokotala yekha. Twain ankadziwa kuti anthu akamva munthu akudula mawu m'zidutswa zachilendo amasiya kufunsa mafunso, ndipo wophunzira mizu aliyense ayenera kuwerenga mutu umenewu.

Tibwerere m'khoti, pakuti liwu lomwe likumumaliza Tom ndi lalifupi. Gilmer akumufunsa chifukwa chomwe ankamuthandizira Mayella ntchito zapakhomo osalandira kanthu. Tom akuyankha kuti ankamumvera chisoni, ndipo liwu lomwe akugwiritsa ntchito, "sorry", ndi la m'nkhokwe yakale ija, lachibale ndi liwu la chilonda, lomwe mwana aliyense amalidziwa. Aliyense m'khotimo walimva, palibe wofuna kumumasulira, ndipo vuto lake ndi lomwelo. Munthu wakuda ku Alabama wa 1935 wanena poyera kuti anamvera chisoni mzungu, kutanthauza kuti anadziona ali pabwino kuposa iye. Amuna 12 ogamula mlandu, onse azungu, akumupeza wolakwa. Chigamulo chawocho m'Chingerezi ndi "verdict", kuchokera ku mizu iwiri yachilatini, ya choonadi ndi ya kunena. Lee sakutiloza ku zimenezi ndi chala, ndipo wachita bwino.

Pali chinthu chimodzi chomwe sindigwirizana naye mlembiyu. Nthabwala ya "ambidextrous" ija imatiitana kuti timuseke Ewell chifukwa cha umbuli, pomwe mlandu wake weniweni ndi nkhanza ndi bodza. Zinthu ziwirizi bukuli limazisakaniza mosavuta, ngati kuti wosadziwa mawu aatali ndi wokayikitsa kale. Munthu amene anakhalapo m'khoti la majisitireti kuno kwathu, n'kuona nkhalamba ikutembenukira uku ndi uku pakati pa loya woyankhula Chingerezi chothira Chilatini ndi womasulira yemwe akufupikitsa ziganizo zitatu kukhala chimodzi, saseka msanga pamenepa. Ifenso tikudziwa kuti Chilatini ndi mpando: pomwe Dr. Hastings Kamuzu Banda ankatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama mu 1981, analamula kuti Chilatini ndi Chigiriki zikhale pakati pa maphunziro a pasukulupo. Mayella naye, Atticus akamamutchula mwaulemu, akuganiza kuti akumunyoza, poti chibadwire palibe anamuyankhulapo motero. Pamenepo Lee waona bwino kuposa pomwe amaseka bambo ake a mtsikanayu.

Munthu yekhayo m'bukuli yemwe nkhokwe zonse ziwiri ndi zake ndi Calpurnia. Dzina lake lomwe ndi lachiroma, la mkazi wa Julius Caesar, monganso la Atticus, yemwe anali bwenzi la Cicero; koma kummwera kwa America mayina otere pa anthu akuda ali ndi mbiri ina, poti eni akapolo ankakonda kutcha akapolo awo Caesar, Pompey kapena Cato. M'mutu 12 akutenga Jem ndi Scout kupita nawo ku tchalitchi chake cha First Purchase, komwe kulibe mabuku a nyimbo chifukwa odziwa kuwerenga ndi anayi okha. Mwana wake Zeebo amawerenga mzere, mpingo n'kuuimba. Anawo akudabwa kumva Calpurnia akuyankhula monga anzake a mumpingomo. Pobwerera akuwauza kuti Zeebo anamuphunzitsa kuwerenga ndi Baibulo ndi buku lomwe agogo awo a anawo anamupatsa, Commentaries la William Blackstone, mabuku ofotokoza malamulo a ku England omwe anatuluka pakati pa 1765 ndi 1769. Mwana wophunzitsidwa ndi Blackstone uja ntchito yake ndi yotola zinyalala m'tauni. Calpurnia akuwafotokozeranso anawo kuti kuyankhula Chingerezi cha kwa a Finch pakati pa anthu akwawo kungakhale kudzikweza, ndipo kuti munthu sayenera kuonetsa zonse zomwe akudziwa.

Mayi ameneyu akumvetsa za mawu ndi mphamvu kuposa Atticus, pakuti iye amasankha tsiku lililonse liwu loti anene ndi loti ameze, pomwe Atticus amayankhula chimodzimodzi kulikonse popanda chomuopsa. Komabe Lee wamupatsa mutu umodzi wokha. Scout akupempha kukacheza kunyumba kwa Calpurnia, azakhali ake Alexandra akukaniza, ndipo bukuli likumvera azakhaliwo: kunyumbako sitifikako, ndipo zomwe Calpurnia ananena kwa anthu akwawo Tom ataphedwa kundende sitizimva.