Za Zithunzi Zojambulidwa ku Jenda

Masiku ano kujambula cithunzi sikulinso nchito ya eni cuma okha. Pamene George Eastman anayamba kugulitsa kamera yace ya Kodak m'caka ca 1888, wojambula anayenera kuitumiza kwa eni ace kuti akamtsukire zithunzi. Koma lero mnyamata ali yense wokhala ndi foni ajambula, naona cithunzi cace pomwepo. Tsono cinthu cikapepuka, anthu aleka kucisamalira. Cifukwa cace tiyamika anyamata ndi asungwana a kabungwe kena ka kumwera kwa Mzimba, amene anamka pamodzi ku Jenda ndi ku Embangweni kukajambula, nabwera nazo zithunzi zao kuti anzao ndi aphunzitsi aziweruze. Ife taziona zonse, ndipo tidzanena za zinai, pakuti mau oyenera iwo ayeneranso ena ambiri.

Coposa zonse ndico ca mai wogulitsa matimati m'mbali mwa mseu waukulu wa M1 pa Jenda. Anzace ena anaima patali, najambula msika wonse, malole ndi madengu ndi khamu la anthu. Ndipo diso la wopenya lisowa popumira. Koma uyu anasendera pafupi, nagwada, nalindira kufikira maiyo anaiwala kamera, nabwerera ku nchito yace. Dzuwa la m'mawa liwala cam'mbali, lionetsa zala zirikusanja mulu, ndi thimati lomariza lisanakhale pamwamba. Wopenya adziwa msanga kuti manja awa analima, natunga madzi, nasenza. Anatero akulu kuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Caciwiri ndico ca chalichi cacikulu ca njerwa ca ku Embangweni, pa mishoni ya Loudon imene Donald Fraser anaikhazika m'caka ca 1902 atacoka ku Hora. Cithunzici ciri ndi zirema ziwiri. Wojambula anayang'anana ndi dzuwa, cotero khoma lonse lada bii, ndipo njerwa sizioneka. Dzuwa likhale kumbuyo kapena kumbali kwa wojambula, ndipo nthawi yabwino ndiyo m'mawa kapena madzulo, si masana ai. Cirema cina ndi ici, kuti anapitikitsa ana amene analikusewera pakhomo, poyesa kuti aipsa cithunzi. Analakwa. Popanda munthu woima pafupi, adzazindikira ndani kukula kwa nyumbayo? Ndipo nyumba imene anthu anaiumbira njerwa ndi manja ao siyenera kuoneka ngati bwinja.

Cacitatu ndico ca amuna obvina ingoma m'mudzi wina. Nthenga, zikopa ndi zibonga zaoneka bwino ndithu, koma wojambula anawadula miyendo m'maondo. Kodi ingoma ikhala kuti? Mwana ali yense wa kwa M'mbelwa adziwa kuti iri m'mapazi oponda nthaka pamodzi, ndi m'pfumbi lokwera, ndi m'manja mwa akazi oomba pambali. Amene ajambula zobvala zokha wajambula monga mlendo, wodabwa ndi nthenga, wosadziwa gule.

Cacinai citibvuta mtima koposa. Ndico ca kamwana kobvala nsanza, kalikulira pambali pa msika. Ambiri a m'kabungwe anacitama kuti cigwira mtima. Koma pofunsidwa ngati anapempha kwa amace, wojambula anati iai. Pano mlandu suli wa dzuwa kapena wa miyendo, koma wa ulemu. Cithunzi ca pa foni ciyenda msanga koposa mbiri ya pacitsime. Mawa cifika ku Lilongwe ndi ku Johannesburg, kumene atate a mwanayo kapena alikugwira nchito. Munthu salowa m'nyumba ya mnzace wosaodira. Momwemonso asatenge nkhope ya mnzace wosapempha.

Ndipo pali cosowa cimodzi pa zithunzi zonsezi, ngakhale cokoma cija ca matimati: palibe colembedwa dzina la munthu, kapena mudzi, kapena tsiku. Bvuto ili nlakale. Mabuku a amishoni, monga la W. A. Elmslie la 1899 ndi la Fraser la 1914, anatisungira zithunzi za dziko la Angoni, ndipo tiwathokoza. Koma pa zithunzi zambiri za masiku aja munthu wakuda angochedwa wankhondo, kapena mkazi wosinja, monga ngati analibe dzina kapena ciwongo. Mwina ena a ife tapenya nkhope ya agogo athu eni eni, osaidziwa. Alendo aja analembera anthu a kwao. Nanga ife, ana a mudzi, tidzawiringula ciani? Mbusa Yesaya Chibambo, amene buku lace la mbiri ya Angoni linaturuka m'Cingerezi m'caka ca 1942, anasamala maina a mafumu ndi a malo, ndipo cifukwa ca ici adzukulu apindula nalo kufikira lero.

Cotero tipempha ojambula athu zinthu zitatu. Pemphani musanajambule, ndipo mumuonetse mwini cithunzi cace. Lembani dzina, mudzi ndi caka. Ndipo zithunzi zokoma muzitsukitse papepala, cimodzi mupatse mwini, cina musunge m'bokosi louma kumene ciswe sicifika. Pakuti foni itayika, nifa, nigulitsidwa pa nthawi ya njala. Cithunzi ndi mboni imene idzalankhula ife titagona, ndipo mboni yosadziwa dzina la munthu siithandiza pabwalo.