Romeo ndi Juliet: Kodi Mlandu Tiupereke kwa Yani?

Maina a Romeo ndi Juliet si acilendo kwa inu. Ena munawerenga sewero lao kusukulu, ena munaona filimu yake. Analilemba ndi William Shakespeare wa ku England ca m'ma 1595, ndipo linasindikizidwa koyamba mu 1597. Ku Malawi, mlembi Stanley Onjezani Kenani analimasulira m'Cicewa. Kawirikawiri akulu akamachula nkhaniyi amafuna kuticenjeza kuti ana osamvera makolo amathera kumanda. Ine ndikuti tiyeni tiuzenge mlanduwu monga amacitira pabwalo la mfumu Jumbe kapena la mfumu Nsefu, kumva mbali zonse tisanagamule.

Nkhani yake ili tere. Mumzinda wa Verona ku Italy muli mabanja awiri olemera amene akhala paudani zaka zambiri, la Montague ndi la Capulet. Romeo ndi mwana wa Montague, Juliet ndi mwana wa Capulet. Akumana paphwando pa Sondo usiku, nakondana pomwepo. Pa Lolemba wansembe Laurence awakwatitsa mobisa. Tsiku lomwelo Tybalt, msuweni wa Juliet, apha Mercutio bwenzi la Romeo. Romeo pobwezera apha Tybalt, ndipo apitikitsidwa mumzinda, nathawira ku Mantua. Makolo a Juliet, posadziwa kuti mwana wao wakwatiwa kale, amkakamiza kukwatiwa ndi Paris. Wansembe ampatsa Juliet mankhwala oti aoneke ngati wafa kwa maola 42, koma kalata yodziwitsa Romeo za cinsinsico siifika, cifukwa wamthenga atsekeredwa m'nyumba poopa mliri. Romeo amva za maliro, agula mankhwala akupha, nakafera m'manda pambali pa mkazi wake. Juliet podzuka adzibaya ndi mpeni wa mwamuna wake. Mlungu usanathe, anthu 6 atsikira kulicete.

Shakespeare sanaiyambe yekha nkhaniyi. Anaitenga m'ndakatulo yaitali ya Arthur Brooke ya mu 1562. M'ndakatuloyo zinthu zimatenga miyezi ingapo, mtsikana ali ndi zaka pafupifupi 16, ndipo m'mau ake oyamba Brooke amadzudzula awiriwo cifukwa cotsata cilakolako ndi kunyoza makolo. Shakespeare anasintha ziwiri. Miyezi ija anaifinya kukhala masiku anai kapena asanu, ndipo Juliet anamcepetsa kufika pa zaka 13. Cangu ca zinthu cimatipangitsa kupuma mwabefu, koma msinkhu wa mtsikanayo umatifunsa funso lina: mwana wa zaka 13, amene kuno akanakhala akali kupulaimale, kodi akulu omuyang'anira anali kuti?

Tiyambe ndi anzathu awiriwa, pakuti nawonso ali ndi mbali yao. Pa Sondo m'mawa Romeo akulirira mtsikana wina, Rosaline. Usiku womwewo wamuiwala. Tybalt atapha Mercutio, lamulo la mfumu linalipo kale loti woyambitsa ndewu aphedwe, koma Romeo sanadikire bwalo. Atamva kuti Juliet wafa, sanapite kwa wansembe kukafunsa, anathamangira kwa wogulitsa mankhwala. Akanakhala pansi m'manda muja kanthawi kocepa cabe, akanaona mkazi wake akuphethira. Juliet nayenso amavomera yekha usiku woyamba kuti zinthu zikufulumira mopitirira, komabe ndiye amayamba kuchula za ukwati. Kuthamanga sikufika.

Tsopano itanani akulu pabwalo. Udani wa mabanja awiriwa sewero lonse silinena ciyambi cake. Ana anaupeza, anchito amamenyanirana mumseu, koma palibe wofotokoza cimene cinalakwika. Udani umenewu ndiwo unacititsa kuti cikondi coyenera kukambidwa masana cikambidwe usiku.

Atate ake a Juliet ndiwo othamanga koposa onse. Pa Sondo akuuza Paris kuti adikire zaka ziwiri cifukwa mwana akali wamng'ono. Pa Lolemba usiku aika tsiku la ukwati kukhala Lacinai, mwiniwake osamfunsa. Laciwiri mwana atakana, amtukwana ndi kumuopseza kuti amtaya mumseu akafe ndi njala. Mwana atanamizira kuvomera, iwo mwa cimwemwe abweza ukwati kukhala Lacitatu, ndipo Juliet amwa mankhwala aja tsiku lake lisanakwane.

Mlezi wa Juliet, mai amene anamuyamwitsa, ndiye anali kunyamula mauthenga ndi makwerero a cingwe oti Romeo alowere kucipinda. Zinthu zitavuta, yemweyo auza mwana kuti aiwale Romeo akwatiwe ndi Paris, cikhalireco adziwa kuti malumbiro anacitika kale pamaso pa Mulungu.

Wansembe Laurence ndiye wondimvetsa cisoni kwambiri, cifukwa mtima wake unali wabwino. Anaona yekha kuti Romeo wasintha mtsikana usiku umodzi, anamcenjeza za kufulumira, koma tsiku lomwelo anadalitsa ukwatiwo. Anaganiza kuti ana awiriwa akhale mlatho woyanjanitsa makolo ao, nawasenzetsa mtolo umene akulu anaulephera. Paris atabwera, njira yoongoka inali yakuti apite kwa Capulet akaulule kuti mtsikanayo anamkwatitsa kale. Iye anasankha kuphimba cinsinsi ndi cinsinsi cina. Potsiriza, atamva alonda akubwera kumanda, anathawa, kusiya mwana yekha pakati pa mitembo.

Kwa ine mtima wa sewero lonse uli pa Laciwiri lija m'mawa. Juliet agwada kwa atate ake, amkana. Atembenukira kwa amai ake, amuuza kuti athana naye. Afunsa nzeru kwa mlezi, amgwiritsa mwala. Zitseko zitatu zatsekeka nthawi imodzi, ndipo pamenepo mwana alankhula za imfa. Shakespeare sanabise kupupuluma kwa ana. Koma pothera pa sewero, mfumu ya Verona imaloza cala Montague ndi Capulet, ndiponso imadziimba mlandu yokha polekerera udaniwo. Ife a m'cigwa ca Luangwa sitifunika kuuzidwa cimene cimacitikira udzu njovu ziwiri zikamenyana.

Nanga ife titolepo ciani? Coyamba, ukwati wa Romeo unalibe ankhoswe. Ambiri a ife timaona ngati amalume ofunsa mafunso, ankhoswe oyendayenda ndi zilengezo za m'chalichi za masabata angapo ndi zocedwetsa cabe. Kucedwako ndiye nchito yake. Kumapatsa nthawi yoti munthu adziwike, ndipo tsiku la mavuto pamakhala anthu oti aimirire nanena kuti ukwati uwu tiudziwa. Cibwenzi cimene simungacichule kwa wamkulu aliyense amene mumamkhulupirira cilibe wocigwira dzanja cikayamba kutsetsereka. Yakobo anagwirira nchito Rakele zaka 7, ndipo cikondi cake sicinazilale.

Caciwiri n'ca makolo ndi atsogoleri a mpingo, ndipo muwapatse tsamba ili awerenge. A Capulet alipo m'midzi yathu, amene amapereka mwana cifukwa mwamuna ali ndi ng'ombe kapena nchito kumalo ogona alendo ku Mfuwe. Kuyambira mu December 2023, lamulo la Zambia limakana ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ngakhale ukwati wa mwambo. Ndiponso kuyambira mu 1997, mtsikana amene watenga pakati amaloledwa kubwerera kusukulu atabereka, motero mimba si cifukwa comthamangitsira kubanja. Maudani nawo tili nawo: malire a munda, kunenezana ufiti, kusiyana kwa mipingo. Mwana akaona kuti kunyumba kulibe khutu lomumvera, amakafuna khutu kwina.

Cacitatu ndicinene mosapita m'mbali. Imfa ya Romeo ndi Juliet si umboni wa cikondi. Romeo anadzipha cifukwa ca uthenga wolakwa, mkazi wake ali moyo pambali pake. Makolo analonjeza kuwamangira mafano a golide, koma fano silibweza mwana. Iye anacita kufunafuna wogulitsa mankhwala ku Mantua, pamene kwathu kuno mankhwala opopera thonje ali m'nyumba zambiri. Mnzanu akayamba kunena kuti kuli bwino kufa, musaseke ndipo musasunge cinsinsi. Khalani naye, itanani wamkulu, m'busa kapena a kucipatala tsiku lomwelo.

Gulu la SEKA la ku Mfuwe linationetsa kale kuti sewero lingaphunzitse mudzi wonse. Gulu lanu likafuna kucita Romeo ndi Juliet pa msonkhano wa acinyamata, musalimbirane mbali za okondana awiriwo zokha. Amene adziwa bwino kusewera muwapatse mbali za Capulet, mlezi ndi wansembe. Itanani makolo akhale kutsogolo. Sewero likatha, funsanani funso ili: Laciwiri lija m'mawa, Juliet akanakhala wa mumpingo mwathu, akanagogoda pakhomo pa yani?