Chingambwe cha pa doko: luso lili m'zala

Msodzi wa usipa ku Kande kapena ku Chintheche alibe nthawi ya ndudu yaitali. Akatha kukonza chilimira ndi nyali, pamatsala mphindi zochepa kuti akankhire bwato m'madzi, ndipo fodya wa mphindi zimenezo ndi chingambwe, wopichira yekha, wosaboola m'thumba. Ambiri amamupeputsa fodyayu. Komatu kupichira ndi luso, ndipo alipo akatswiri, aliponso ongowononga tsamba.

Ku Ulaya ali ndi tindudu ta masamba okhaokha totchedwa cigarillo, monga Café Crème ya ku Netherlands. Ndudu yeniyeni ya masamba imakhala ndi fodya wa m'kati, tsamba lomanga, ndi tsamba lokutira kunja losalala bwino. Ku Italy kuli Toscano, yomwe amapanga ndi fodya wa Kentucky woumitsa ndi utsi wa nkhuni, ndipo ofuna kusuta pang'ono amangoidula pakati. Fodya ameneyo ndi mbale wake wa fodya wathu wa chikopa. Ndiye tsamba labwino tili nalo. Chimene chimatipereweza ndi chisamaliro.

Vuto loyamba kuno kunyanja ndi chinyezi. Nkhata Bay ndi dera la mvula yambiri, la chinangwa ndi kondowole, moti fodya wambiri amachokera kumtunda, ku Mzimba, Rumphi ndi Kasungu. Akafika kuno sachedwa kuchita chuku. Tsamba lonyowa limazimazima, lina louma kwambiri limafumbutuka n'kupsa ngati udzu wa mu Okutobala. Katswiri amalifinya kaye m'manja: likapindika osathyoka, lafika. Amachotsa kamtengo ka pakati, chifukwa ndi kamene kamachititsa kuti moto udye mbali imodzi, kenaka amadula timizere tating'ono, osati kungofikisa m'chikhatho. Popichira, zala zimathina pang'ono kumutu ndi kulekerera chakumoto. Ukathinitsa, masaya amatopa utsi osabwera. Ukalekerera ponse, mwera ukusutira yonse iwe usanakoke kawiri.

Pa chokutira ndiye sindinyengerera. Nyuzipepala ndi tsamba la kope la mwana wa sukulu n'zonyozetsa ntchito yonse, pakuti chimene chimamveka ndi inki ndi pepala lopserera. Khoko la chimanga lam'kati, lofewa lija, limaposa kutali, ndipo limapsa modekha. Choposa zonse ndi kachidutswa ka tsamba la fodya lomwelo, lopyapyala, lopanda zibowo, kukulunga mopendeketsa. Zimafuna kuleza mtima, n'chifukwa chake ochita zimenezi ndi owerengeka.

Fodya wa bale woumitsa m'chigafa ndi wopepuka koma amakanda kukhosi akakhala wosakhwima. Chikopa ndi cholemera, cha fungo la utsi. Kwa ndudu ya utali wa chala, kusakaniza bale wambiri ndi chikopa pang'ono ndiko kumamveka kuti pagwira munthu wodziwa.

Kuyamikira zala si kuyamikira utsi. Ndudu yaifupi, ngakhale yopichira mwaluso chotani, imawononga mapapo ndi mtima, ndipo chingambwe chilibe n'kasefa komwe. Malawi adalowa m'pangano la WHO lochepetsa kusuta fodya mu 2023. Amene simunayambe musayambe, ndipo bambo amene chifuwa chakugwirani milungu iwiri osasiya, pitani kuchipatala cha Chintheche akakuyezeni TB.