Ndege zobadwira kuomberedwa

Mu 1935 amisiri a kampani ya de Havilland ku Britain anaulutsa ndege imene ntchito yake inali kukhala chandamale basi. Anaitcha Queen Bee. Mapiko anali a Tiger Moth, koma thunthu linali lamatabwa, losamira msanga ikagwera m'nyanja. Woiyendetsa ankatsala pa sitima n'kumailamula pa wailesi, anzake akuiombera ndi mizinga.

Mwa onse amene anatengera luso limeneli, ine amanditenga mtima ndi a gulu la 792 Naval Air Squadron, la asilikali apamadzi a ku Britain. Pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse gululi linali ku St Merryn, ku Cornwall, ndipo ndege zake zinali ndi anthu ndithu: zinkakoka chandamale pa chingwe chachitali, zipolopolo zikudutsa kumbuyo kwawo. Litathetsedwa kawiri, linadzukanso mu 2001 ku Culdrose, tsopano likuulutsa Mirach 100/5, kandege kajeti kopanda munthu kopangidwa ku Italy.

Mirach sithamanga pa bwalo ngati ndege zina. Amaikhazika pa chitsulo chopendekera kumwamba, pamtunda kapena pa sitima, maroketi awiri n'kuikankha kwa kanthawi, kenako injini yake n'kupitiriza. Ikatero yatsala m'manja mwa munthu amene sakuiona ndi maso, amene akungowerenga liwiro, msinkhu ndi njira yake pa sikirini.

Apa m'pamene pagona luso. Woyendetsayo ayenera kusanduka mdani, ndipo mdani wosanyengerera. Akaibweretsa mwaulemu, pamwamba, molunjika, anyamata a mzinga wa Sea Dart pa sitima zankhondo za Type 42 za nthawi imeneyo aipeza mosavuta, akondwera, koma wawanamiza. Mzinga weniweni sudzabwera choncho. Ndiye amaitsitsa kufupi ndi mafunde, kumene rada imavutika kusiyanitsa chitsulo ndi madzi, n'kuikhotetsa pamene woombera sakuyembekezera. Komabe pochita zonsezi sayenera kutuluka m'malire a dera loyeserera, chifukwa kunja kwake kuli asodzi ndi sitima za katundu. Ukali ndi kusamala m'dzanja limodzi! Kawirikawiri Mirach imakoka kachandamale kena kumbuyo, monga ankachitira akale aja, kuti mzinga uphulitse kameneko, ndege yodulayo ipulumuke.

Ikapulumuka, injini imazimitsidwa, parachuti n'kutambasuka, ndege n'kutera pa madzi. Helikoputala kapena boti imakaitola. Kenako imabwera ntchito imene palibe amaijambula: kutsuka mchere wa m'nyanja usanayambe kudya zitsulo, kuumitsa, kuyesa waya uliwonse, kupindanso parachuti mosalakwitsa ngakhale chingwe chimodzi. Amisiri ogwira ntchitoyi ankasamalira chinthu chimene akudziwa kuti mawa anzawo akachilozetsa mzinga, ndipo ankachisamalira ngati mmene akanachitira mukanakhala munthu.

Mu 2009 gulu la 792 lija linathetsedwanso, ntchito yake n'kupita ku kampani ya QinetiQ.