Bwalo Lozengera Nkhani ya Mbona

Munthu wokhala ndi mlandu amayamba waganiza za bwalo limene aupititseko. Mlandu wa malire a dimba sautengera kwa anthu a kutari, cinkana akhale anzeru cotani, pakuti iwo sadziwa pamene panali mgwalangwa umene makolo anapangana kuti ndiwo malire. Komanso mlandu wokhudza lamulo la dziko lonse sungathere pa bwalo la nyakwawa. Comweconso munthu wophunzira amene watha zaka ali kufufuza kanthu, nalemba zimene wapeza, ayenera kusankha magazini ya akatswiri yoti isindikize nkhani yace. Ambiri posankha amayang'ana kuchuka kwa magaziniyo basi. Koma cimene munthu asankha kweni-kweni ndico anthu amene adzawerenga, makamaka amene adzakhoza kumtsutsa. Nkhani ya Mbona, mwini kacisi wa mvula wa m'nkhalango ya Khulubvi ku Nsanje, ionetsa bwino cimeneci, cifukwa inazengedwa pa mabwalo osiyana-siyana, ndipo bwalo liri lonse linaigwira mwa njira yace.

Amang'anja amasimba kuti Mbona anali munthu wodziwa kuitana mvula, amene adani ace anamlondola kufikira ku cigwa ca Shire, namupha, namdula mutu. Thamanda la Ndione amati ndilo mwazi wace, ndipo ku Khulubvi anammangira kacisi, nampatsa mkazi wochedwa Salima. Funso limene labvuta ophunzira ndi ili: kodi Mbona anali munthu weni-weni, ndipo ngati anali munthu, anaphedwa liti, ndi yani?

Mmodzi wa oyamba kulemba za iye mwa utali anali W. H. J. Rangeley, mkuru wa Boma la atsamunda amene anayang'anirapo Cigawo ca Kumwera. Nkhani yace inaturuka mu 1953 m'magazini ya Nyasaland Journal, imene bungwe la Nyasaland Society linayamba kusindikiza mu 1948, ndipo yomwe kuyambira mu 1965 ichedwa Society of Malawi Journal. Rangeley ayenera kuyamikidwa, pakuti anasunga maina a mafumu, malo ndi miyambo imene anamva kwa akuru amene tsopano anapita kale. Koma bwalo limene anasankha linali la anthu odziwana: mabwana a Boma, eni minda ya tiyi ndi fodya, ndi amishoni. Oterewa akanatha kumkonza pa dzina la mtsinje kapena pa kutalika kwa ulendo, koma panalibe cowakakamiza kufunsa funso lobvuta, lakuti kodi akuru a kacisi amamuuza zotani munthu wa Boma, ndipo amambisira zotani. Funsolo linali lofunika ndithu, cifukwa zaka zimenezo ndizo za nkhondo ya mitumbira, pamene Boma linali kukakamiza alimi a m'cigwa kupanga mizere m'minda mwao, anthu nakana, ndipo dzina la Mbona linali kuchulidwa kumbali ya okanawo.

Wina amene anatola nkhaniyi ndiye Bambo Matthew Schoffeleers, wansembe wa Cikatolika wa gulu la Montfort wa ku Holland, amene anafika m'dziko muno mu 1955 nagwira nchito ku cigwa ca Shire. Iyeyu anaphunzira Cimang'anja, nacita maphunziro akuya ku Oxford, kumene anatsiriza mu 1968, naphunzitsanso pa Yunivesite ya Malawi. Maganizo ace anali akuti nthano ya kuphedwa kwa Mbona iri ndi mbiri yoona mkati mwace. Anati ca m'ma 1600 mfumu Lundu inakuza ufumu wace ndi nkhondo, pogwiritsa nchito ankhondo ochedwa Azimba, amene wansembe wa Cipwitikizi João dos Santos anawalemba m'buku lace la mu 1609. Ndipo kuti m'masautso amenewo cipembedzo cakale ca mvula cinasandulika, cikhala cipembedzo ca munthu wophedwa wosalakwa. Mu 1987 nkhani yace ya Azimba ndi ufumu wa Lundu inaturuka mu Journal of African History, magazini yosindikizidwa ku Cambridge kuyambira mu 1960, imene akatswiri a mbiri ya Afirika a m'maiko ambiri amawerenga.

Pamenepo anakumana ndi cimene Rangeley sanakumane naco. Caka cotsatira, mu 1988, katswiri wina, Christopher Wrigley, analemba m'magazini yomweyo kuti Mbona sanali munthu konse, koma mulungu wa mtsinje, wa mtundu wa njoka zazikuru za m'nthano zimene zipezeka m'maiko ambiri, ndi kuti kudulidwa mutu ndi kuyenda kwa mwazi ndi zizindikiro zakale lomwe zimene siziyenera kumangiriridwa pa caka ciri conse. Schoffeleers anayankha caka comweco, pa masamba a magazini yomweyo. Wowerenga nkhani zitatuzi motsatana aona kuti aliyense anagwira mbali ya coonadi. Wrigley anakhoza pocenjeza kuti wofufuza angathe kuona mbiri pamene pali nthano cabe, monga mlenje wanjala aona nyama pa citsa ciri conse. Koma Schoffeleers anali ndi mphamvu pa cinthu cimodzi: anadziwa amene anasimba nthano iri yonse, ndi mbali imene wosimbayo anali pakati pa mafumu, akuru a kacisi ndi anthu wamba, ndipo anaona kuti masimbidwe amasiyana monga mwa osimbawo. Pamene buku lace lalikuru, River of Blood, linaturuka ku Wisconsin mu 1992, maganizo ace anali atapyola kale m'moto. Uwu ndiwo mphoto ya kusankha bwalo lokhala ndi otsutsa amphamvu, ndipo wofufuza woopa bwalo lotere adzimana yekha.

Magazini za mtundu umenewu ziri ndi mwambo wace. Mkonzi akalandira nkhani amaitumiza kwa akatswiri ena, kawiri-kawiri awiri, amene maina ao sauzidwa kwa mlembi. Iwo amaisanthula, nanena ngati iyenera kusindikizidwa, kukonzedwa kapena kukanidwa. Nchitoyi imatha miyezi yambiri, mwina kuposa caka. Mwambowu ndi wabwino, koma uli ndi malire ace amene ophunzira sakonda kuwachula. Akatswiri a ku Ulaya akhoza kuweruza ngati kalata ya Cipwitikizi yawerengedwa bwino, kapena ngati Lundu anagonjetsedwadi ndi Muzura mu 1622. Koma ngati liu la Cimang'anja lamasuliridwa mokhota, kapena ngati wofufuza wapatsa banja lina udindo wa pa kacisi umene uli wa banja lina, odziwa ali kwa Malemia, kwa Tengani ndi kwa Ngabu. Amenewa magazini ya ku Cambridge siwafika, ndipo ikadawafika, iri m'Cingerezi ca anthu a pa yunivesite.

Panali bwalo lina lakale kuposa onsewa, limene ambiri amaliiwala. Mu 1948 E. W. Chafulumira anaturutsa kabuku kochedwa Mbiri ya Amang'anja, kosindikizidwa ndi a Boma oyang'anira maphunziro ku Zomba, m'cinenero ca eni ace, ndipo m'menemo mulinso nkhani ya Mbona. Kabuku kotere sikapatsa mlembi wace dzina pakati pa akatswiri, koma kamafika m'manja mwa mphunzitsi wa m'mudzi ndi mwana wa sukulu, amene angathe kukawerengera agogo ace madzulo, agogowo nabvomereza kapena kupukusa mutu. Kali ndi ngozi yace nakonso: cimene casindikizidwa anthu amaciyesa coona koposa cimene gogo anena, kotero kuti wofufuza wobwera m'mbuyo angathe kulemba nthano kwa mkuru wa m'mudzi, osadziwa kuti mkuruyo anaiphunzira m'buku ali mwana.

Schoffeleers mwini anaoneka kuti anazindikira kuti bwalo limodzi silikwana. M'buku la River of Blood anaikamo nthano za Mbona m'Cimang'anja pambali pa Cingerezi, kuti wodziwa cinenero ayese yekha kumasulira kwace. Mu 1985 iye ndi Adrian Roscoe anasindikiza Land of Fire ku Limbe, ndipo mu 1997 zolemba zace zina zinasonkhanitsidwa m'buku la m'gulu la Kachere ku Zomba, kuti ophunzira a m'dziko muno azipeze pa mtengo wocepa. Elias Mandala, Mmalawi amene analemba mbiri ya alimi a thonje ndi ya nchito m'cigwa comweci kuyambira 1859 kufikira 1960, nayenso anasindikiza ku Wisconsin mu 1990, koma pa cikuto ca buku lace anakana kulemba Shire, nalemba Tchiri, monga eni mtsinje auchula. Ndi kanthu kakang'ono, koma kasonyeza kuti polemba anali kukumbukira owerenga amene bukulo silikanawafika msanga.

Wophunzira wa lero wocokera ku Cikwawa kapena ku Nsanje ali pa mphambano yobvuta koposa. Kukwezedwa pa nchito ya pa yunivesite kumadalira zimene wasindikiza m'magazini zoyesedwa ndi akatswiri, ndipo za kunja ndizo zilemekezedwa kwambiri. Zina mwa izo zimatsekera nkhani zao kuti awerenge olipira okha. Zina zimatsegulira onse pa intaneti, koma zimalipiritsa mlembi ndalama zimene mphunzitsi wa kuno sangazipeze popanda womthandiza. Pabukanso magazini zacinyengo zimene zimalembera ophunzira makalata okometsera, nizilonjeza kusindikiza m'masiku owerengeka, bola ndalama zilipidwe. Zimenezi ziribe wotsutsa ndi mmodzi yemwe, ndipo nkhani yolowa m'menemo iri ngati mlandu wozengedwa pa bwalo lopanda anthu: mwini wace amabwerako ali wokondwa kuti wapambana, koma palibe wamva. Pakati pa zonsezi pali magazini za kuno, monga Society of Malawi Journal ndi Journal of Humanities ya ku Zomba, ndi nkhokwe ya African Journals Online imene inayamba mu 1998 kusonkhanitsa magazini za mu Afirika pa malo amodzi. Wofufuza za madzi osefukira a Ruo, za malungo kapena za minda ya nzimbe ku Nchalo angafunse za magazini iri yonse kuti akonzi ace ndani, ndi kuti mwa amene aiwerenga alipo kodi wodziwa cigwaco kokwanira kumgwira bodza.

Mu 2011, caka cimene Schoffeleers anamwalira, Boma la Malawi linapereka dzina la Khulubvi ndi akacisi ena a Mbona ku bungwe la UNESCO, kuti aganiziridwe pa mndandanda wa malo a cuma ca makolo a dziko lonse lapansi. Zolemba za Rangeley, za Wrigley ndi za Schoffeleers ziripobe m'nyumba za mabuku ndi pa intaneti. Osunga kacisi amene nkhaniyo iri yao sanakhale nao pa bwalo la mu 1988, ngakhale kuti funso limene linazengedwa pamenepo linali lakuti kodi amene iwo amamthirira nsembe anakhalapo ndi moyo.